Fayilo Yabuluu Yatsala Kuno

Wakefield,
Lamulungu masana.

Tiyamike mwana wanga,

Ukatsegula sutikesi yako ku Liverpool mawa, usayambe kukhuthulira zovala pansi kufunafuna fayilo yabuluu. Siinatayike ayi. Ndaichotsa ndine, ndipo pomwe unaibisa paja, pansi pa bulangete, ndaikapo kalata iyi. Ndikudziwa kuti ukwiya. Kwiya ndithu, koma uwerenge mpaka kumapeto. Iwe ndi amayi ako mwapita kukatsanzikana ndi anthu akumpingo, ndiye ndakhala patebulo la kukhitchini ndi bolopeni. Ndikulemba m'Chichewa chifukwa ndi mmene mawu anga amatulukira oongoka. Ukapeza chilembo chapendekeka ukumbukire kuti bambo ako analekezera Sitandade 4, kalasi yomwe iwe unali pamene tinkakuchotsa ku Mponela.

Masabata awiri apitawo amayi ako anandiuza zomwe unawauza. Akuti unati uzibwera kuno Lachisanu lililonse kudzawerenga makalata anga. Akuti unatinso malamulo atsopano omwe akumvekawa, a penshoni, a zachipatala ndi a sukulu, akangotuluka movuta, uyimitsa maphunziro chaka chimodzi kuti ulongosole mapepala a pakhomo pano. Nditamva zimenezo chakudya chinandikanika. Kenaka dzana ndinakuona ukutenga fayilo ija mudirowa ndi kuilowetsa m'sutikesi, uli cheucheu ngati ukuba. Mmenemo muli mapepala anga a kuntchito, a penshoni, a kuchipatala, a khonsolo. Mulibe pepala lako ngakhale limodzi. Mwana akupita ku yunivesite kukaphunzira za mankhwala, koma wanyamula ukalamba wa bambo ake pansi pa bulangete. Ayi, mwana wanga. Fayilo yatsala kuno.

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa ndikayamba ndi malangizo ndiyiwala. Unali ndi zaka khumi, tili ndi miyezi yochepa chifikireni, pamene ndinakupatsa envulopu yoyamba. Amayi ako anali kuchipatala, shifiti yaitali ija yomwe namwino amabwerako miyendo itatupa. Ine ndinali nditaitembenuza kalatayo kanayi osatolapo kanthu. Iwe unakhala pa mpando, miyendo yosafika pansi, n'kumatsata mawu ndi chala. Mawu ena sunkawadziwa, koma unkangowatchula molimba mtima, kenaka n'kundiuza m'Chichewa zomwe ukuganiza kuti akutanthauza. Kuyambira tsiku limenelo sunadandaulepo. Anzako akusewera panja, iwe unkaimba foni kumaofesi n'kumati ukuyankhulira bambo ako. Ndi iwe unagula fayilo ija ndi ndalama yako ya maswiti. Zikomo, mwana wanga. Sindinakuuzepo mawu amenewa pamaso, ndipo ndikudziwa kuti mawa pasiteshoni andikanikanso.

Cholakwa changa choyamba chinachokera ku ulemu. Ine ndinaleredwa kuti wamkulu akamayankhula umayang'ana pansi n'kumati eya. Kumuuza bwana kuti abwereze zomwe wanena kunali ngati kumunena kuti sadziwa kuyankhula. Pa khonde la sitolo paja ndinkasokera, ulemu umenewu unkandibweretsera makasitomala. Ndinabwera nawo kuno osauchotsa m'thumba. Tsiku loyamba kumalo osungira katundu komwe ndimagwira ntchito, mayi wa mu ofesi ya malipiro anatikhazika pansi n'kufotokoza zambirimbiri, Chingerezi chake chothamanga cha kuno chomwe chimameza mawu. Ine mutu uli gwedegwede, pakamwa yesi, yesi. A Tembo, mnzanga wa ku Chipata uja, anandipatsa dzina tsiku lomwelo. Mpaka lero akandiona polowa amati, "Afika Bambo Yesiyesi! A Malawi inu, munthu atakuuzani kuti akudulani mwendo mungati yesi, zikomo kwambiri." Ndinkaseka nawo. Sindinkadziwa kuti zina mwa zomwe mayi uja anafotokoza zinali za penshoni, ndipo mfundo yaikulu inandidutsa: yakuti iwe ukaikapo pang'ono, kampani nayo imaikapo yake. Tiyamike, aphunzitsi ako akakanena chinthu chomwe sunamve, kweza dzanja. Angakuone ngati wopusa kwa mphindi imodzi, palibe kanthu. Funsa.

Cholakwa chachiwiri ndi chimene iwe ukuchidziwa bwino, chifukwa ndinakulowetsamo. Nditaona pa pepala la malipiro kuti akundidula ya penshoni, mtima unandithawira kwa amalume anga a Wedisoni. Iwe sunawaone. Anagwira ntchito pa esiteti ina ya fodya mpaka imvi, akuwadula mwezi ndi mwezi. Atapuma anayenda ulendo wa kuofesi mpaka nsapato kutha, lero akuti fayilo sikuoneka, mawa akuti wosaina wachokapo. Anamwalira osaigwira m'manja ndalama yawoyo. Ndiye kwa ine ndalama yodulidwa inali ndalama yotayika. Komanso nthawi imeneyo ndinkauza aliyense kuti kuno tikhala zaka ziwiri zokha, tikubwerera kumudzi. Makina anga osokera ndinawasiya kwa azakhali ako nditawathira mafuta, n'kuwauza kuti asawagulitse. Munthu wobwerera mawa angasungirenji ndalama m'dziko la eni? Nditamva kuti n'zotheka kutulukamo, ndinatuluka. Amayi ako sindinawauze.

Patatha zaka zitatu kalata inabwera yakuti andibwezeramonso, monga lamulo limanenera. Unali ndi zaka khumi ndi zitatu. Unaiwerenga kawiri, kenaka unandiyang'ana n'kunena kuti, "Adadi, mukudziwa kuti mukatuluka mukukana ndalama yomwe kampani ikukupatsani?" Ndinamva bwinobwino. Koma kuvomera kukanatanthauza kuti zaka zitatu zonse ndinali wolakwa, ndipo wondiuza ndi kamwana kovala yunifolomu yomwe ndinaipinda ndekha m'munsi. Ndinakuuza kuti za akuluakulu sungazimvetse. Ndinakuuza kuti utsegule kompyuta unditulutsemo, ndipo amayi ako asamve chifukwa ali ndi zambiri zowadetsa nkhawa. Unachita. Patathanso zaka zitatu tinabwereza zomwezo, ndipo ulendo umenewo unangodina mabatani nkhope ili kumbali. Mwana wanga, apa ndinakulakwira. Ndinakusenzetsa chinsinsi pakati pa bambo ako ndi mayi ako, m'nyumba yaing'ono yomwe tonse timadyera patebulo limodzi. Undikhululukire. Ndipo umve izi: ukadzayamba ntchito, ngakhale ya m'sitolo pa tchuthi, akakulowetsa mu penshoni khala momwemo. Usadzanene kuti ndikudutsa chabe. Ine ndadutsa chabe zaka zisanu ndi zitatu, ndipo makina aja ndamva kuti achita dzimbiri.

Cholakwa chachitatu chinatsala pang'ono kukusiya wamasiye. Zaka zoyamba zija, nthawi iliyonse yokonzanso viza tinkalipira ndalama ya chipatala pamodzi, ya aliyense m'nyumba muno. Tinkalipira kuti tikadwala tizithandizidwa. Koma tsiku lina titaweruka kutchalitchi, tikumwa tiyi, ndinamva munthu wina akunena kuti wopita kuchipatala pafupipafupi amamulemba, ndipo pokonzanso mapepala amamukana kuti akudya za boma. Sindinafunse kuti wazitenga kuti. Ndinali ndi namwino m'nyumba, koma sindinamufunse. Ndinangozisunga mumtima n'kuyamba kuopa. Makalata ondiitana kuti akandiyeze kuthamanga kwa magazi ankabwera, ndinkawazindikira ndi chizindikiro cha pa envulopu, ndipo amenewo ngakhale iwe sindinkakupatsa. Ndinkawapinda n'kuwaika m'thumba la jekete la kuntchito. Mutu ukandiwawa ndinkamwa timapiritsi ta m'sitolo n'kukhala chete. Ndinkati ndikuteteza mapepala a banja langa.

Tsiku lomwe ndinagwa pakati pa mashelefu, a Tembo ndiwo anaimbira ambulansi. Ananditengera kuchipatala komwe amayi ako amagwira. Amayi akowo anatsika kuchokera kuwodi yawo ali mu yunifolomu, anapeza jekete langa pa mpando, anapisa m'thumba kufuna makiyi, n'kutulutsa makalata asanu opindapinda. Sanakuwe. Anawatambasula limodzilimodzi pa bedi, kenaka anati, "Bambo a Tiya, ine tsiku lonse ndimayeza anthu osawadziwa, wanga wa m'nyumba akundifera mobisa. Ndikanawauza chiyani akwanu?" Zomwe ndinamva kutchalitchi zija zinali zabodza. Madokotala aja anandisamala ngati mfumu, osandifunsa kuti ndinalekezera kalasi yanji, ndipo mpaka lero ndimawathokoza. Tsono iwe, sabata yoyamba yomweyi, usanagule ngakhale makatani, ukalembetse kwa dokotala wa kufupi ndi komwe ukagone. Uli ndi mphumu, ndipo akuti mphepo ya kunyanja ya ku Liverpool imalowa mpaka m'mafupa. Kachubu kako kopumira kamodzi kali m'chikwama cha m'manja, kena ndakaika m'nsapato yakumanja ya nsapato zako zakuda. Usadikire kuti chifuwa chiyambe kulira. Kalembetse.

Ndipo za mauthenga oyenda m'mafoniwa usamale nazo. Masiku ano gulu lathu la kumpingo silikugona. Wina akuti penshoni ya boma ithetsedwa kwa obwera, wina akuti tonse tiyambiranso kulipira chipatala, wina watumiza mawu a munthu wosadziwika akuti ana athu achotsedwa m'mayunivesite. Ine ndikamva zotere ndimada nkhawa, ukundidziwa. Zina mwa izo mwina zili ndi mbali yoona, pakuti malamulo akusinthadi. Koma ndaphunzira ndi thupi langa kuti wonena mokweza si amene wawerenga. Ukamva chinthu chokhudza mapepala ako kapena fizi yako, usachitenge kwa mnzako wa chipinda choyandikana, usachitenge kwa ine. Pita ku ofesi yothandiza ophunzira, ukhale pansi, uwauze akuonetse pomwe palembedwa. Akakuuza chinthu chachikulu, uwapemphe akulembere. Funsa, mwana wanga.

Cholakwa chachinayi ndi cha chaka chathachi, ndipo ndikachikumbukira ndimachita manyazi ndi kuseka pamodzi. Unkalemba mafomu a yunivesite, unafika pofunsa za kwanu kokhazikika, ndipo unalemba nyumba ino. Ine ndinaimirira kumbuyo kwako n'kukana. Kwathu fomu iliyonse, ya sukulu, ya chipatala, ya ntchito, imafuna mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Nyumba ya lendi si kwanu. Ndinakuuza kuti munthu sataya kwawo chifukwa cha sukulu, ulembe Mponela. Unayesa kundifotokozera, ine ndinakwiya, ndipo unalemba kuti bambo ako asakhumudwe. Kalata itabwera inakuika m'gulu la ophunzira ochokera kunja, fizi yake yoti ngakhale titagulitsa zonse za m'nyumba muno ndi ife tomwe siingakwane, komanso wopanda mwayi wa thandizo lomwe ana okhala kuno amalandira. Ine ndinakhala pa sitepe mutu uli m'manja, ndikuti basi, ndamuphera mwana sukulu. Iwe sunalire. Unasonkhanitsa mapepala osonyeza kuti ndife okhazikika kuno, malipoti a kusukulu kwako a zaka zonse, unaimba foni, unalemba, unaimbanso, mpaka anakonza. Sunandinenepo ngakhale tsiku limodzi. Pa chimenechi ndikuthokozanso. Ndipo phunziro lake ndi lowawa kulilemba ine mwini: ngakhale bambo ako akakuuza chinthu cha mapepala mwaukali, usangovomera chifukwa cha ulemu. Mponela ndi kwanu, ndipo udzapita kukaona manda a agogo ako. Koma pa fomu ulembe komwe umagona.

Tsopano umve zomwe zachitika m'masabata awiriwa, iwe uli kalikiliki ndi kugula mapoto. Amayi ako atandiuza za maganizo ako oyimitsa sukulu, anandifunsa funso limodzi. Anati m'fayilo imeneyi muli chiyani chomwe chikumuchititsa mwana wanga kuopa kuchoka m'nyumba mwanga? Ndinayang'ana pansi monga mwa chizolowezi. Kenaka ndinawauza zonse, kuyambira kwa amalume a Wedisoni mpaka maulendo awiri omwe ndinakutuma pa kompyuta. Sanandiyankhule masiku awiri. Chakudya ankandiikira, koma mbale inkafika patebulo ndi phokoso. Tsiku lachitatu, ndikuwasitira yunifolomu, anaima pakhomo n'kunena kuti ndalamazo zikuwawa, koma si zomwe zawakwiyitsa. Anati, "Munasoka madiresi usana ndi usiku kuti ine ndimalize sukulu ya unamwino. Munkaganiza kuti ndikusekani chifukwa cha kalata ya Chingerezi? Mwandichititsa mlendo, mwana n'kumusandutsa mlembi wanu." Kenaka anandilanda simbi, akuti ndiwotcha kolala, ndipo ndinadziwa kuti nkhondo yatha. Amayi ako ndi munthu wabwino kuposa momwe ndinkawayesera, ndipo ndakhala nawo zaka zonsezi. Iwe usadzabisire munthu wokukonda umbuli wako. Amauona kale, chomwe chimamupweteka ndi kubisako.

Lachiwiri lapitali ndinapita ndekha ku ofesi ya malipiro. M'basi monse ndinkabwereza mawu a Chingerezi omwe amayi ako anandilembera pa kapepala, mpaka mayi wina wokhala pafupi anandiyang'ana. A Tembo anandiperekeza mpaka pakhomo n'kunena kuti akangomva yesi mmodzi alowa kudzanditulutsa ndi khutu. Mayi wa mu ofesi ndi yemwe uja wa tsiku loyamba, tsitsi lokha layera. Ndinamuuza kuti ndikufuna kubwerera mu penshoni. Anayamba kufotokoza mothamanga, ndipo ndinamva mutu wanga ukuyamba kugwedera wokha. Ndinaugwira. Ndinati, "Pepani mayi, sindinamve. Bwerezani pang'onopang'ono." Tiyamike, denga silinagwe. Anabwereza. Ndinamuimitsanso kachiwiri, kenaka kachitatu. Ulendo wachitatu anatenga pepala n'kujambula mabokosi, ili langa, ili la kampani, ndipo ndinamvetsa chinthu chomwe iwe unandiuza uli ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndinasaina ndikudziwa chomwe ndikusaina, koyamba chifikireni m'dziko lino. Potuluka mayi uja anati akanakonda ndikanamufunsa kalekale. A Tembo akuti dzina lija salichotsa msanga, ayamba aona ngati ndipitirize.

Sindikunamiza kuti zonse zili bwino. Zaka zomwe ndinataya sizibwerera, mayi uja ananena mosabisa. Anandithandizanso kuona za penshoni ya boma, ndipo n'zoona kuti msinkhu woyambira kulandira ukukwera, ndiye ndigwira ntchito nthawi yaitali kuposa momwe ndinkaganizira. Maondo anga akamva zimenezi amadandaula. Nthawi zina ndimadzifunsa kuti akadzasinthanso ndisanafikepo ndidzatani, nanga amayi ako msana ukadzawakanika kunyamula odwala zidzatha bwanji. Za ngongole ya sukulu yako nazonso akuti kabwezedwe kake kamasinthasintha, ndipo ndikaganiza kuti mwana wanga akuyamba moyo ndi chinthu chotere pamutu, tulo timandithawa. Nkhawa ndi yanga, ndinabadwa nayo, amayi anga ankati ndinkalira mvula isanagwe. Koma taona kusiyana kwake: kale ndinkaopa chinthu chomwe chili mu envulopu yotseka, lero ndikuopa chinthu chomwe ndachiwerenga. Mantha achiwiriwa ndi opepuka, munthu amatha kudya nawo. Ndipo ngakhale atalemera bwanji, chaka chako chimodzi cha sukulu sichingawachepetse. Chingangondiwonjezera chisoni china, chakuti mwana yemwe anandinyamula zaka zisanu ndi zitatu ndamubwezanso m'mbuyo.

Ndalembetsanso kalasi ya Chingerezi ya akuluakulu ku laibulale ya m'tauni, Lachinayi lililonse ndikaweruka. Ndapitako kamodzi. Ndine wa imvi zambiri m'kalasi monse, ndipo mphunzitsi wake ndi mtsikana wongokuposa pang'ono. Anatiuza kuti tizibwera ndi makalata enieni a kunyumba tiziphunzirirapo. Ndinaseka ndekha, ndinati mayi inu simukudziwa, ine ndili ndi fayilo yathunthu. Ndiye ukuona, ndikuifuna fayiloyo, ndi buku langa la sukulu tsopano. Ndinaitulutsa m'sutikesi usiku wa dzana lomwelo iwe uli m'tulo, ndipo ndaikonza kale mwa njira yanga. Ndinadula tinsalu ta mitundu inayi n'kusokerera m'mphepete mwa zigawo zake: kofiira ndi chipatala, kobiriwira ndi penshoni, koyera ndi ntchito, kachikasu ndi khonsolo. Amayi ako akuti ikuoneka ngati diresi la pa chinkhoswe. Tagwirizana kuti Lamulungu lililonse tikabwerako kutchalitchi tizikhala patebulo lino, ine ndiziwerenga mokweza, iwo azindikonza. Akuti akandimva ndikuti yesi ndisanamalize chiganizo, tiyi palibe.

Makalata ako okha ndiwo ukhale nawo maso. Ulionse wochokera ku yunivesite kapena kwa opereka thandizo la fizi, utsegule tsiku lomwelo, ngakhale uli wotopa, ngakhale ukuopa zomwe zili mkatimo. Ukasamuka chipinda uwadziwitse. Ugule fayilo yakoyako, mtundu uliwonse kupatula wabuluu, ndipo mulowe mapepala a Tiyamike okha. Mnzako wina wochokera kwathu akadzakupempha kuti umuwerengere kalata, muthandize, koma ukhale naye pansi awerenge yekha iwe uli pambali. Usamulande. Ine ndikanapeza wondikakamiza chotero, bwenzi pano ndikuwerenga nyuzipepala.

Zina ndi zazing'ono, koma ukundidziwa, ndikapanda kuzilemba sindipuma. Jekete lako lakuda ndalisokerera thumba lamkati kumanzere, lili ndi zipi, muziikamo khadi ndi kiyi. Batani lachiwiri linali lofooka, ndalilimbitsa. Pokwera sitima ku Leeds uyang'ane bolodi kawiri, chifukwa amasintha pokwerera mwadzidzidzi, ine zinandichitikira ndinakapezeka ndikulowera ku Hull. Usadye mabisiketi okha. Upeze mpingo, koma usathamangire kulowa makomiti onse, wapita kukaphunzira. Ukasowa mnzako masabata oyamba usadabwe, amayi ako analira mwezi wathunthu atafika kuno, lero ndi amene amalandira alendo. Ukadwala undiuze, usatengere bambo ako. Ndipo ukalakwitsa chinthu, mayeso kapena china chilichonse, unene msanga chikadali chaching'ono. Zolakwa zanga zonse ndakulemberazi zinayamba zazing'ono, zinakulira m'thumba la jekete.

Lachisanu likubwerali usabwere. Lotsatira lakenso usabwere. Ndalama ya sitima ugulire buku, kapena upite ndi anzako ukaone zombo padoko. Tikuyembekezera pa Khirisimasi, ndipo ukadzafika udzakhale pa mpando ngati mlendo wolemekezeka, ine ndidzakuwerengere kalata imodzi kuti undipatse malikisi. Ukaimba foni usayambe ndi kufunsa ngati kwabwera makalata. Undiuze za aphunzitsi ako, za chakudya choipa cha kumeneko, za mnyamata aliyense amene akukuyang'ana kwambiri kuti ndiyambe kuda nkhawa yatsopano. Ndikufuna kumva mawu a mwana wanga, osati a mlembi wanga.

Ndikumva galimoto ya amayi ako ikuima panja, ndiye ndifulumire. Chomaliza ndi ichi. Dzulo m'mawa, iwe uli m'bafa, envulopu yakhaki inagwa pakhomo, ya kazenera koonetsa dzina, mtundu wa makalata a kumaofesi. Dzanja linayamba kale kulowera kuthumba. Ndinaima pakhonde lamkati ndi masilipasi, ndinaing'amba, ndinawerenga ndi chala monga unkachitira iwe. Zinanditengera nthawi yoti tiyi anazizira, ndipo mawu awiri ndinakawafunsa amayi ako. Ndi a khonsolo. Akuti tsiku lotenga zinyalala lasintha, kuyambira mwezi wa mawa ndi Lachitatu. Ndaiika kuseri kwa kansalu kachikasu, ndipo bini ndidzatulutsa ndine.

Pita bwino, mayi wanga. Mulungu amene anatipatsa iwe akusunge m'njira ndi kumene ukupita.

Ndine bambo ako,
amene akuphunzira kufunsa.